Jebowa wa Mwana Wanga ndi Khasu Langa

M'galimoto yanga munali lamulo limodzi lokha: ukangotseka chitseko, Chingerezi chitsale panja. Ndinalikhazikitsa ndekha, osafunsa munthu, chaka chimene mwana wathu wamkazi anayamba sukulu n'kuyamba kutiyankha chilichonse m'Chingerezi. M'nyumba ndinali nditagonja kale. Ukamutuma madzi, madziwo ankabwera, kusonyeza kuti wamva, koma pakamwa pake pankangotuluka chizungu cha kusukulu. Ndiye ndinati m'galimoto mokha muno, poti ndi yanga, ndilamulamo ine.

Mwanayo kuuma mutu anatengera ine. Sanatsutse, sanalire. Anangosiya kuyankhula m'galimoto. Lamlungu lililonse tinkachoka ku Gaithersburg, kumene timakhala kuno ku America, kupita kutchalitchi ku Takoma Park, ulendo wotalikirapo ndithu, iye ali phee kumbuyo akuyang'ana mitengo pawindo. Ndikamufunsa kanthu ankagwedeza mutu, apo ayi ankati "eya" kapena "ayi", mawu awiri amene ankadziwa kuti sangapalamule nawo. Mayi ake ankandiuza kuti ndikusandutsa mwana bububu ndi manja anga omwe. Ine ndinkati musiyeni, tsiku lina nkhani idzamuyabwa yekha. Tinayenda choncho zaka. Zinkandipweteka, koma kuchotsa lamulolo ndinkaona ngati ndagonja kwa kamwana.

Amene anadzamumasula pakamwa ndi kanyama kamene mpaka lero sindinakaonepo ndi maso. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, aphunzitsi anawapatsa ntchito yoti aliyense asankhe nyama ya m'chipululu, aiphunzire bwino, apange chifanizo cha malo amene imakhala, n'kudzaonetsa makolo kumapeto kwa teremu. Anzake anathamangira ngamila ndi zinkhanira. Wanga anasankha jebowa.

Lamlungu lina titangolowa mumsewu waukulu, ndinamva mawu kumbuyo.

"Adadi, kuli mbewa ina. Imadumpha ngati kangaroo. Miyendo yake ya ku back ndi yaitali kwambiri."

Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Mayi ake ananditsina pantchafu kuti ndisayerekeze kumudzudzula za chizungu chimene chinalowerera chija. Ndinangoti, "Ya kumbuyo." Iye anabwereza, "Ya kumbuyo," n'kupitiriza. Anayankhula mpaka tinaimika galimoto kutchalitchi, Chichewa chake chikugwa n'kudzuka, ndipo zimene abusa analalikira tsiku limenelo musandifunse.

Kuyambira pamenepo m'galimoto munadzaza jebowa. Ndinamva kuti amakhala m'zipululu za kumpoto kwa Africa ndi ku Asia, kumene masana mchenga umaotcha ndipo usiku kumazizira koopsa. Thupi lake ndi longa la mbewa, koma timanja n'tatifupi, miyendo ya kumbuyo yaitali, mchira wautali kuposa thupi lonse, kumapeto kwake kuli kangayaye ka ubweya. Sathamanga ndi miyendo inayi, amangodumpha, ndipo kadzidzi kapena nkhandwe ikamulondola sadumpha molunjika. Apa wapita kumanja, apa wakhotera kumanzere, mdani n'kusokonezeka. Madzi samwa. Mwanayo anachita kubwereza poona kuti sindikukhulupirira: madzi amene thupi lake limafuna amawapeza m'njere, m'mizu ndi m'tizilombo timene amadya. Amayenda usiku. Kukamacha amalowa kuuna n'kutseka khomo ndi mchenga kuti kutentha kusalowe, chinyezi chisatuluke. Unawo uli ndi njira ina yobisika imene imathera pafupi ndi pamwamba koma yosaboola, kuti njoka ikalowera kukhomo iye angoboola ndi mutu n'kuthawa. Ndipo ena mwa iwo nyengo yozizira ikafika amagona miyezi, thupi lozizira ngati afa.

Mawu akamuthera ankaima n'kundifunsa, ine n'kumupatsa. Una. Mchenga. Chipululu. Mchira. Kadzidzi. Mawu akuti kadzidzi anamusangalatsa kwambiri moti anawatchula njira yonse mpaka mayi ake anadandaula mutu. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo masiku amenewo ndinkati ndikusintha zofunda pabedi la munthu, m'mutu ndikukonzeratu mawu amene mwanayo adzawafune Lamlungu. Ndinkadziona wolemera. Kwa nthawi yoyamba ndinali ndi chinthu chimene mwana wanga ankachifuna, choti sangachipeze kusukulu ngakhale pafoni.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sindinamuuze. Ine ndinakulira ku Ntcheu, ndipo kwathu chimanga chikachoka m'munda anyamata amatenga makasu kukakumba mbewa. Sindinali wokumba wamba. Anzanga ankalimbirana kupita ndi ine, chifukwa una umene ena aupondaponda osauona ine ndinkauonera patali. Mayi a mwanayu kwawo ndi kunyanja, mbewa sadya, amachita nazo nseru, choncho m'nyumba mwathu nkhaniyi sinkatchulidwa. Ndiye mwanayo akamafotokoza za khomo lotsekedwa ndi njira yobisika, ine ndinkaona munda wa kwathu m'chilimwe, udzu utapsa, mapazi atada ndi phulusa. Zimene iye ankazitcha nzeru za jebowa ndinkazidziwa kalekale, kungoti ndinkazidziwira mbali inayo, ya wogwira khasu. M'manja munkandiyabwa. Komabe ndinkaugwira mtima, chifukwa ndinkadziwa bwinobwino kuti si nkhani yomuuza mwana ameneyu. Ndikunena izi kuti wina asandikhululukire poganiza kuti sindinkadziwa.

Chifanizocho tinapangira limodzi patebulo lodyera. Tinatenga bokosi lapulasitiki loonekera mkati, lija losungiramo zovala. Mchenga tinakachita kugula kusitolo ya zomangira, ine ndikuseka ndekha kuti anthu akwathu atamva kuti ndagula mchenga angati ku America kwandizunguza mutu. Una anaupanga ndi timapaipi ta katoni, n'kutigunditsa kukhoma la bokosi kuti munthu aziona zonse kuchokera kunja: khomo, chipinda chogona, ndi kanjira kobisika kaja. Jebowa mwiniwake anamuumba ndi dongo, mchira n'kuika chingwe cha nsapato. Makutu anamukulira mbali imodzi. Dzina anamupatsa, koma anati ndi lachinsinsi. Asanakagone ankamulowetsa m'chipinda chake cha kuuna n'kutseka khomo ndi mchenga, ngakhale kuti mwana yemweyo anali atandiphunzitsa kuti jebowa amagona masana. Nditamukumbutsa anati uyu wazolowera nthawi ya kuno.

Kutchalitchi kwathu, kamodzi pamwezi tikatuluka m'mapemphero timadyera limodzi m'chipinda chapansi. Timakhala Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, aliyense wabwera ndi poto wake. Tsiku limenelo azibambo tinali pakona pathu, ndipo nkhani inali yomwe ija ya masiku onse, yoti ana athu atayika, agogo awo akaimba foni amangoti "hi" n'kuthawa. Aliyense ankadandaula za wake. Ine mutu unakula. Ndinati wanga ayi, wanga akhoza kukuphunzitsani sayansi m'Chichewa pompano.

Ndinamuitana. Anali patebulo la ana, ndipo atamva chimene ndikufuna anapukusa mutu. Mayi ake, ali kogawa chakudya, anati ndimusiye mwana adye. Ine ndinati abwere, asandichititse manyazi pagulu. Anabwera atanyamula foni ya mayi ake, mmene munali chithunzi cha jebowa, n'kuima patsogolo pa azibambo akuluakulu, mwendo wina utapiringiza unzake.

Anayamba motsitsa mawu, akuyang'ana ine yekha ngati tili m'galimoto. Anati kanyamaka kamakhala m'chipululu. Anati kali ndi mchira wautali. Atatchula mawu akuti una, bambo wina anagwira pakamwa, nati iye mawu amenewo anawamva komaliza asanakwere ndege. Azimayi anasiya zogawa n'kusendera pafupi. Foni inkayenda m'manja, anthu akudabwa miyendo. Mwanayo anayamba kulimba mtima, mawu anakwera, ndipo ndinaona kamwemwe kakubwera.

Pamenepo bambo wina wachikulire wa ku Zambia, amene tonse timangowatchula kuti ankolo, anaiyang'anitsitsa foni ija n'kufunsa mwachifatse, mosafuna n'kuseketsa komwe.

"Manje mwana wanga, aka kanyama bamadya?"

Chipinda chonse chinafa nako kuseka. Mwanayo sanamve bwino, anatembenukira kwa ine kuti ndimuthandize. Mpata unalipo. Ndikanatha kunena kuti ankolo akuseleula, pitiriza. Koma ine ndili ndi nthenda: anthu akayamba kuseka, ndimafuna kuti chiseko chotsatira chikhale changa. Ndinawayankha ankolo kuti chilichonse chokhala kuuna chimadyedwa, nkhani ndi kudziwa kakumbidwe basi. Kenako ndinamuuza mwanayo kuti apitirize, awauze za khomo.

Anati masana jebowa amatseka khomo ndi mchenga kuti asapezeke. Ine ndinati pamenepo ndiye pamene amadzigulitsa, chifukwa dothi lotsekera silifanana ndi linzake, limakhala lofewa, losalala mopitirira, ukaligunda ndi chala limalowa. Azibambo anavomereza m'magulumagulu. Mwanayo anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu pang'ono. Ankaganiza kuti ndikumuthandiza.

Anati ali ndi njira yachiwiri yothawira. Ndinati imeneyo ndiye timayamba kufufuza tisanakumbe n'komwe, tikaipeza timaikapo mng'ono wathu ndi chibonga, kuti mbewa ikangoti balamanthu athane nayo. Pakona panali tsache. Ndinalitola, n'kuyamba kuonetsa mmene umagwirira khasu, mmene umalowetsera kamtengo kuuna kuti njira isakusokonekere dothi likagumuka.

"Adadi, khasu ndi chiyani?"

Mayi wina anamufotokozera m'Chingerezi. Ndinamuona akuyang'ana tsache lija, kenako ine. Komabe ndinamuuza kuti anene za kudumpha. Ananena, koma mawu anali atabwerera pansi. Ndinati kudumpha kumathandiza amene wafika panja, ife sitinkalola kuti afike panja.

Chomaliza sanafune kunena. Ndinachita kumukumbutsa ndine, kuti wasiya ija ya nyengo yozizira. Ananena mawu ochepa, kuti amagona nthawi yaitali ngati wafa. Ine ndinalumpha. Ndinati ameneyo ndi kapuku weniweni, mbewa yonona ija imene timaipeza ili m'tulo, yosathawa, yosaluma, umangoitola ngati mbatata. Ndipo ndinapitiriza mpaka kumapeto: kutumbula, kuwiritsa ndi mchere, kuyanika pamoto, kupana pampani.

Chimene chimandivuta n'chakuti masana amenewo anali okoma. Sindinaonepo azibambo aja atasangalala chotero. Anthu amene sabata yonse amakhala akunyamula odwala ndi kuyendetsa magalimoto a eni anabwerera kukhala anyamata. Anayamba kutsutsana kuti yokoma ndi iti, kapuku kapena mende. Wina anavula nsapato kutionetsa chipsera cha khasu la mkulu wake. Ankolo anasimba za njoka imene anaigwira mchira poyesa mbewa, ndipo misozi inkatuluka ndi kuseka. Ine ndinali pakati, tsache lili m'manja, thukuta lili kamukamu. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji ndisanazindikire kuti pamene panaima mwana wanga panalibe munthu. Ndinamupeza pamasitepe otulukira panja, atakhala ndi mayi ake, foni ataigwira pachifuwa. Sankalira. Ndikanakonda akanalira.

Pobwerera m'galimoto munali zii, ngati zaka zonse zija. Ndinayesa kufunsa kuti jebowa amabereka ana angati. Mwanayo anangoyang'ana mitengo pawindo.

Titafika kunyumba mwanayo ananyamula bokosi lake patebulo, lolemera choncho, n'kulikokera kuchipinda kwake. Ine ndinatsala kukhitchini ndi mayi ake, ndipo monga mwa chizolowezi changa ndinayamba kudziteteza munthu asanandiimbe mlandu. Ndinati mbewa ndi ndiwo, zinatilera, ndipo sindidzachita nazo manyazi chifukwa choti ndili m'dziko la eni. Ndinati mwana yemweyu amadya nkhuku osafunsa kuti inafa bwanji. Ndinati ayenera kudziwa kumene bambo ake anachokera. Zonsezi zinali zoona, ndipo mpaka lero ndimaziona kuti n'zoona. Mayi ake anandisiya ndilankhule mpaka mawu atandithera, akupukuta poto amene tinapita naye kutchalitchi. Kenako anati palibe wanena kuti ndichite manyazi ndi mbewa zanga.

"Mwana wakuuzani pobisala mnzake, inu mwakaitana anthu."

Ndinatuluka kukataya zinyalala zimene sizinadzaze n'komwe, n'kukaima kaye pamalo oimika magalimoto. Manyazi amene ndinkakana aja anandipeza kumeneko. Mwanayo anandipatsa chinsinsi chilichonse cha kanyama kake, chimodzichimodzi, m'chiyankhulo chimene ndinamukakamiza ine, ndi mawu amene ndinamupatsa ine. Ndipo ndinali nditamuimika pagulu kuti aziwerenga zinsinsizo mokweza ine ndikuonetsa anthu mmene angakaphere.

Masabata otsatira sanandichitire mwano. Ankandipatsa moni, ndikamutuma ankapita. Koma bokosi silinabwererenso patebulo, ndipo akamagwira ntchito yake chitseko chinkakhala chotseka. Ndinamugulira dongo lina ndi utoto, n'kuziika pakhomo pake. Anathokoza m'Chingerezi, mwaulemu ngati wothokoza munthu wa m'sitolo. Lamlungu m'galimoto tinabwerera ku "eya" ndi "ayi". Kutchalitchi ankolo, osadziwa kanthu, ankamuitana kuti mwana wa kambewa, iye n'kumwetulira pang'ono n'kudutsa. Kuntchito ndinkapezeka ndikukonzabe mawu m'mutu, kenako n'kukumbukira kuti palibe adzawafunse.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kugogoda. Anatsegula pang'ono, thupi lake litatchinga bokosi. Ndinali nditakonza zonena, koma kupepesa kwa mwana si ntchito imene ndinaiphunzira kwathu, ndiye m'malo mopepesa ndinayamba kufotokoza. Ndinati ku Malawi kulibe jebowa. Ndinati sindinadyepo jebowa chibadwire, ngakhale kumuona. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandifunsa m'Chingerezi kuti akanakhalapo m'munda wa kwathu, ndikanamukumba kapena ayi.

Bambo wanzeru akanati ayi msangamsanga. Ine ndinayamba ndaganiza. Ndinaona munda uja, ndinaona mnyamata uja wa mapazi akuda, ndipo ndinadziwa kuti akanamukumba, n'kukadzitama kwa anzake kuti wapha mbewa ya miyendo yachilendo. Mmene ndinkatsegula pakamwa n'kuti mwanayo atamva kale yankho. Anati chabwino, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Tsiku loonetsa makolo linafika mayi ake ali pa shifiti, choncho ndinapita ndekha, kuchokera kuntchito, ndisanavule yunifolomu yanga ya buluu. Bokosi anali atapita nalo m'mawa pa basi ya sukulu, atalikulunga ndi thawulo, osalola kuti ndimunyamulire. Muholo munali matebulo m'mizere, mwana aliyense ataima kumbuyo kwa ntchito yake. Ndinadutsa ngamila zambirimbiri ndisanamupeze.

Bokosi lija linali litasintha. Makoma onse anali atawamata ndi pepala lakuda, moti una umene tinavutika nawo limodzi sunkaonekanso. Pamwamba panali mchenga, timiyala, ndi timabowo tingapo apa ndi apo. Jebowa sankaoneka. M'mbali mwa mchengawo anaimika adani ake, oumbidwa ndi dongo limene ndinamugulira lija: kadzidzi, nkhandwe, njoka yopiringizika. Wachinayi anali munthu. Anali atanyamula kamtengo kokhala ndi kachitsulo kumapeto, ndipo malaya ndi buluku anazipaka utoto wa buluu. Pansi pa mdani aliyense panali kapepala ka dzina lake m'Chingerezi. Pansi pa munthuyo analemba mawu amodzi okha a Chichewa pa ntchito yonseyo: khasu.

Ndinaima pamenepo ndi yunifolomu yanga, makolo ena akuyang'ana kachidole, n'kuyang'ana ine, n'kumwetulira.

Aphunzitsi ake, mayi wachitsikana wansangala, anabwera kudzandigwira chanza. Anati ntchito ya mwana wanga yawasangalatsa kwambiri, chifukwa ndi yekhayo amene anaganiza zoti munthu nayenso ndi mdani wa nyama. Anati mwanayo anauza kalasi kuti bambo ake ndi katswiri wopeza tinyama tobisala pansi. Kenako anandifotokozera masewera amene anakonza: jebowa wagona penapake pansi pa mchenga, mlendo aliyense amapatsidwa kambendera kamodzi kuti abaye pamene akuganiza kuti ndi pakhomo penipeni. Timbendera tinali titadzaza kale pa timabowo tija. Palibe anali atalasa.

Ine sindinafune kufufuza. Ndikunena zoona. Koma diso limene linaphunzira ntchito ukadali mwana silipempha chilolezo. Aphunzitsi asanamalize n'komwe kuyankhula ndinali nditapaona: kuseri kwa kamwala kena, kutali ndi timabowo tonse, kamalo kakang'ono pamene mchenga unasalazidwa ndi chala, kosalala kuposa pena paliponse. Anatseka khomo mosamala kwambiri, ngati mmene mbewa zonse zimachitira. Nditadzutsa maso ndinapeza mwanayo akundiyang'ana.

Aphunzitsi anandipatsa kambendera, nati tione katswiri. Ana a matebulo oyandikana anasendera. Ndinazungulira bokosi, ndinawerama, ndinachita ngati ndikuganiza kwambiri, kenako ndinakabaya pa kabowo ka kutsidya, pafupi ndi njoka, pamene panali kale timbendera ta anthu ena. Aphunzitsi anaomba m'manja n'kunena kuti jebowa wapusitsa ngakhale katswiri. Ana anaseka. Mwana wanga anandithokoza chifukwa choyesa nawo, ndi mawu omwewo amene ankauza mlendo aliyense.

Pobwerera anakhala kumbuyo, bokosi lili pamiyendo, atalikumbatira ndi manja onse. Kunja kunali kukuyamba kuda. Tinatuluka pasukulu. Kenako ndinachita chinthu chimene sindinachitepo m'galimoto imeneyo: ndinamuyankhula m'Chingerezi. Ndinati bokosi lake linaposa onse muholo muja. Ndinati ndikupepesa pa zimene ndinachita kutchalitchi. M'chizungu mawuwo anatuluka mosavuta, mwina chifukwa kuntchito ndimawanena tsiku lililonse. Ndinati lamulo lija latha, aziyankhula mmene akufunira.

Tinadutsa sitolo ija tinagulako mchenga. Pa maloboti a pafupi ndi kwathu tinapeza ofiira, ndipo ndinaima. Ndinamuyang'ana pagalasi. Anali atawerama, akusalaza mchenga ndi chala.

"Munapaona, adadi. Ndinakuonani maso."

Chinali Chichewa chokhachokha, chopanda mawu achizungu ngakhale amodzi, chimene ndinachidikira zaka zonse zija. Mtima unandipweteka kuposa tsiku la pamasitepe.

"Eya, mwanangu. Ndinapaona."

Chala chake chinkayendabe pamchenga.

"Mawa ndimubisa pena."

Maloboti anasintha, wa kumbuyo anaimba hutala, ndipo ndinayendetsa galimoto pang'onopang'ono kuti mchenga usagwedezeke. Sindinamufunse kuti pati.